Chipewa cha Tatay pa Kamera

Dumangas, Iloilo

Okondedwa achemwali anga aakulu, Manang Perpetua,

Landirani moni wa mlongo wanu ndi wa onse a m'nyumba ya bambo athu. Muli bwanji uko ku Winnipeg? Alamu anga a Renato, msana uja unawaleka? Nanga ana, akukumbukabe kuti ali ndi amalume, kapena chisanu chinaumitsa ubale? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Namondwe wa mwezi watha anangotenga malata a khola la nkhuku, ena onse anatisiyira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wa nthawi ya atsamunda, foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti kalata simungaidule mawu. Pafoni ndikangoti "Manang", inu mumakhala mutayamba kale kufunsa za mankhwala. Ndapatsira Mayi Tupas, omwe akubwerera kwa mwana wawo kumeneko. M'jumbo momwe muli kalatayi mupezamonso mango ouma ndi nsomba zija zimakudanitsani ndi aneba.

Nkhani yake ndi ya kamera. Sinawonongeke. Mdima umene mukuona pafoni yanu ndi m'kati mwa chipewa cha Tatay, bambo athu, chija ankavala poimba lipenga m'bandi ya tauni. Ndinachiveka pakamerapo ndine. Wokonza zamagetsi amene munamutuma ndinamumwetsa khofi n'kumuperekeza pachipata. Choncho musamukalipirenso mng'ono wanu Soling, ndipo mawu aja munamuuza, akuti akubisa zinthu ndipo mulemba munthu wina woti azimuyang'anira, muwabweze. Chipewacho sichichoka. Khalani pansi ndikufotokozereni.

Tatay atafa ziwalo mbali imodzi, inu munachita zimene enafe sitikanatha. Munatumiza bedi lokwera ndi kutsika, chikuku, makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Sitidzaiwala. Pamwamba pa katunduyo panali kamera, ndipo munati ipachikidwe pakona, pafupi ndi chifaniziro cha Mwana Yesu, kuti muziona bedi lonse.

Simunatiuze kuti imayankhula. Tsiku loyamba, mayi wogulitsa nkhanu anali pakhomo pomwe mawu anatsika kuchokera kudenga. Mayiyo anagwada, dengu lili pamutu. Atamva kuti mawuwo akuti, "Soling, piloyo wapendama," anadzuka n'kusasa maondo, akuti kumwamba sikungatsegulidwe chifukwa cha pilo.

Ife tinaseka. Soling sanaseke.

Mukudziwa kuti mng'ono wanuyu anasiya ntchito yake yosoka kuti azisamalira Tatay. Ine ndimabwera Loweruka lokha kuchokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndiye kusintha kwake ndinkakuona pang'onopang'ono. Anaphunzira kumwetulira denga. Akamalowa m'chipinda ankayamba wakonza tsitsi, n'kumalengeza ngati wowerenga nkhani pawailesi yakanema: tsopano ndikuwapatsa phala la mpunga, tsopano ndikuwatembenuza. Akatuluka, nkhope ija ankaivula ngati nsapato yothina.

Tatay nawo anatembenukira kukhoma. Timawu tochepa tija anatsala nato anatibisa. Inu munati khosi lauma, n'kutilamula kuti tizilisisita m'mawa ndi madzulo. Tinasisita mpaka mafuta a kokonati anatha m'sitolo ya pakona.

Kenaka chipatala chathu chaching'ono chinayamba kutumiza namwino m'makomo mwa odwala ogona. Mukudziwa amene anatulukira? Herminia Gaitan, mnzanu wa kusukulu ya unamwino, uja munkatiuza kuti anakomoka ataona magazi koyamba. Pano ananenepa, amayenda ndi ambulera ngati ndodo ya msilikali, ndipo saopa kanthu.

Anawayeza Tatay, anayang'ana msana ndi zidendene, osapeza chilonda ndi chimodzi chomwe. Ananena mokweza, atayang'ana kudenga, kuti wodwala wosamalidwa chonchi samuona kawirikawiri. Ndikhulupirira munamva. Atatero anamasula lamba woyezera uja pamkono wa Tatay n'kumumanga Soling. Soling anati wodwala si iye. Herminia anangopopa, n'kuwerenga, n'kukweza nsidze.

Anamukokera kukhitchini. Sanamufunse ngati amalira. Anamufunsa kuti, "Inday, mng'ono wanga, umakalirira kuti?"

Soling anayang'ana pansi n'kunena kuti kukhola la nkhuku, chifukwa kamera imamva mpaka pabalaza.

Herminia anati nkhuku amazikonda kwambiri, akufuna akazione. Ine anandisenzetsa mipando. Tinakhala m'fungo la zitosi, tambala akutiyang'ana ngati talowa popanda chilolezo. Kuseri kwa thumba la gaga kunali chikwama cha Soling, muli zovala ndi nsapato za kutchalitchi.

Manang, werengani apa mofatsa. Soling anati sadziwa komwe angapite. Akuti mukamudzudzula amalongedza, kukacha amamasula, mukamudzudzulanso amalongedzanso. Tulo anasiyana nato kalekale, chifukwa akagona amalota mawu anu akufunsa ngati wawatembenuza. Kenaka ananena chimene chinkamudya. Akuti masiku ena amalakalaka Tatay atangopuma, zithe. Anakaulula kwa wansembe, wansembe anamupatsa mapemphero, koma nthawi yowanenera alibe, ndiye tsopano akuti machimo ake awiri.

Ine ndinasowa poyang'ana. Herminia sanagwire pakamwa. Anati ganizo limenelo amalipeza pafupifupi m'nyumba iliyonse imene amalowa, ndipo limabwera ndi kutopa, osati ndi chidani, pakuti munthu wodana ndi bambo ake sawapaka mafuta m'zidendene. Anamufunsa mosazungulira ngati anaganizapo zodzivulaza kapena kuwavulaza Tatay. Soling anati ayi. Herminia anati wamva, koma likadzabwera limenelo amuimbire nthawi ina iliyonse, ndipo za tulo akaonane ndi dokotala, amuperekeza yekha. Soling analira mpaka nkhuku zinathawira panja. Herminia anangomugwira dzanja, osamuuza kuti alimbe mtima. Pambuyo pake anandiuza kuti mawu akuti "limba mtima" ndi amene adzaza makola a nkhuku m'tauni muno.

Titabwerera m'nyumba, mumsewu munkadutsa maliro, bandi ili patsogolo. Herminia anandikodola kuti ndione. Khosi louma lija linatembenuka bwinobwino kutsatira malipenga kuchokera pazenera ili mpaka ilo. Bandi itapita, linabwerera kukhoma.

Herminia anakaima pakati pa bedi ndi kamera. Msana wake mukuudziwa, ungaphimbe ndi zenera lomwe. Tatay anasuzumira, n'kutembenuka, n'kumuyang'ana m'maso. Iye anawafunsa kuti, "Tatay Teryo, chikukuwawani n'chiyani chimene mankhwala sakuchifika?"

Analoza kudenga ndi dzanja labwino lija. Pakamwa panavutika nthawi yaitali, ife tikudikira, mpaka mawu anatuluka amodzi okha: "Manyazi."

Manang, munthu amene ankatsogolera bandi atavala yunifolomu yoyera amavulidwa, amapukutidwa, amasinthidwa thewera, mwana wake wamkazi woyamba akuonerera. Soling akuti tsiku lina akuwasambitsa, kudenga kunamveka kuseka kwa munthu wachilendo. Tikudziwa kuti anali mnzanu wa kuntchito akuseka zake zina m'chipinda chopumira. Tatay sanadziwe zimenezo. Kuyambira tsiku lomwelo ndi pomwe anakwatira khoma.

Musamunenere Herminia kuti ndiye analamula. Iye anati za kamera ndi za banja, ntchito yake ndi kufunsa wodwala chimene akufuna, popeza m'nyumba yodzaza anthu ophunzira palibe anakumbuka kutero. Anawafunsa. Tatay analoza chipewa chawo pamsomali, kenaka kamera. Ine ndinakwera pampando.

Nditatsika ndinayamba kukusekani, monga mwa khalidwe langa. Ndinati ndaphunzitsa mbiri ya maboma ozonda anthu awo zaka zambiri, osadziwa kuti lina lili m'chipinda cha bambo anga ndipo likulu lake lili ku Canada. Herminia anandigogoda ndi ambulera pabondo. Anati, "Toto, mnyamata iwe, pakamwa pako ndikupadziwa. Tandiuza, mlongo wako wa ku Canadayo amadya nthawi yanji?"

Ndinati sindidziwa. Iye anati namwino wogwira usiku amapuma kanthawi kochepa, ndipo ngati mawu anu amamveka kuno masana onse, ndiye kuti kanthawi kameneko mumathera pafoni, chakudya chikuzizira. Anati odwala m'nyumba muno ndi atatu, wachitatuyo ali kutali ndipo palibe akumuyeza. Anandikumbutsa kuti Nanay, mayi athu, atamwalira, inu munali mukusamalira mayi wa munthu wina, ndipo uthenga munaupeza mutaweruka. Anati munthu amene zinamuchitikira zimenezo safunanso kuphethira.

Nthabwala zanga zinathera pomwepo, chinthu chimene simunachionepo.

Choncho sitikukuimbani mlandu. Tikudziwa kuti diso lija ndi mantha, ndipo manthawo ndi chikondi. Koma chikondi chikamayang'anitsitsa osaphethira, woyang'anidwayo amauma khosi.

Tsopano imvani mmene zinthu zilili. Lachinayi lililonse Herminia amasonkhanitsa osamalira odwala pakhonde la chipatala. Amadya buledi, amajeda odwala awo mwachikondi, ena amagona pabenchi osadzutsidwa. Soling anapita monyinyirika, anabwerako akuseka nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake amabisa mapiritsi m'mano oikirira. Dokotala anamuona. Soling wabwereranso kukwaya, ndipo akuti mawu ake anachita dzimbiri koma akutuluka.

Ine ndapatsidwa Loweruka ndi Lamulungu. Herminia anandiphunzitsa kutembenuza munthu osathyola msana wanga kapena wake. Thewera loyamba ndinalimanga chakumbuyo, ndipo Tatay anaseka mpaka anatsamwa. Soling akuti kunali kuseka kwawo koyamba chidwalireni, ndiye ndikuona kuti maphunziro anga sanapite pachabe.

Chikwama chija chikadali kukhola, sindikunamizani. Koma nkhuku ina yaikiramo mazira ndipo ikufungatira. Soling akuti sangachoke anapiye asanaswe. Ndikupempha kuti akamadzaswa adzapeze chifukwa china chokhalira, ndipo chifukwacho chili m'manja mwanu.

Pempho langa ndi ili, Manang. Muziimba foni ngati anthu ena onse, ilire, tiyankhe. Akayankha Soling, muyambe mwamufunsa mmene wadzukira iyeyo, ndipo mudikire yankho, ngakhale litachedwa. Za mankhwala zibwere pambuyo. Mukafuna kuthandiza ndi munthu wochapa, tidzamulandira ndi manja awiri. Koma kazitape ayi. Mukatumiza wina wodzachotsa chipewa, ndidzamumwetsa khofi ngati woyamba uja. Mukatumiza kamera ina, dziwani kuti Tatay ali ndi zipewa zambiri.

Herminia wati nambala yake ndikupatseni, ili kuseri kwa pepalali. Akuti mumuimbire tsiku limene mwatopa, osati kudzafunsa za Tatay, koma kuti mucheze. Akutinso ndikuuzeni kuti anasiya kukomoka, ndiye mutha kumuuza chilichonse.

Kukagwa chinthu, tidzakuimbirani nthawi yomweyo, kaya muli pantchito kaya muli mtulo. Za Nanay zija sizidzachitikanso. Ili ndi lonjezo langa, ndipo Soling walivomereza.

Tatay ndawawerengera kalatayi, kupatula za kukhola, zimene ndi za Soling ndipo wandilola yekha kukuuzani. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu. Movutikira anati, "Aziyamba wati odi." Akufuna muziwaona Lamulungu tikabwera ku Misa, atameta ndevu, atavala malaya oyera, atakhala pachikuku pakhonde, foni ili m'dzanja lawo.

Pali chinanso. Herminia anawauza kuti aziuzira kamlomo ka lipenga lawo kuti milomo ilimbe. Phokoso lake likumveka ngati bakha wodwala, ndipo agalu a m'dera lino akudandaula. Koma chiphimbireni kamera, akamaliza kuuzira amayeserera mawu. Tinkaganiza kuti akupempha madzi. Soling ndi amene anazindikira kuti ndi dzina lanu. "Per" akutuluka bwino tsopano, kotsalako kukadali m'njira. Sankafuna kuti muziwamva akulephera. Akufuna mudzalimve lonse, kamodzi, kuchokera pakamwa pawo. Musawalande zimenezo posuzumira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana. Muwathokoze Mayi Tupas, ndipo ngati zovala zawo zanunkha nsomba, mlandu ndi wanga. Soling akuti moni, ndipo akuti akudikira foni. Mulungu akusungeni m'chisanumo, akupatseni tulo, ndipo nthawi yopuma ikakwana, idyani chakudya chikadali chotentha.

Ndine mlongo wanu wosamva,

Crisanto