Kaitano wa M'filimu

Ngabu,
Chikwawa.
14 Okutobala 2023

Okondedwa Achemwali a Clotilda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Beira pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndayipatsira a Chance amene akubwera uko ndi thiraki ya nandolo. Kuno kwatentha monga mukudziwira mwezi uno, mbuzi zikungobisala pansi pa ngolo.

Mng'ono wathu Kaitano ali moyo, ndiyambe ndi zimenezo. Akadali m'chipatala ku boma. Nsagwada anazimanga ndi waya, nthiti zinayi zinathyoka, ndipo diso lakumanzere adokotala akuti tiliiwale. Phala akumwera m'kapaipi. Pa foni paja ndinakuuzani kuti tsiku limene anamumenya ine ndinali ku Nchalo. Ndinanama, achemwali, ndinalipo. Apolisi akufuna munthu amene anaona kuti akatchule maina Lachiwiri likudzali, koma Ngabu yense akuti sanaone kanthu. Ndisanapite kumeneko ndati muyambe mwamva ndinu, ndipo pa foni sindingathe, mawu amandithawa mukangoti "Andrea".

Ntchito yangayi simunaionepo, munachoka ndikali kugulitsa mayunitsi. Mafilimu a azungu amabwera ndi Chingerezi chothamanga, ndiye ine ndimakhala m'kachipinda kuseri kwa vidiyo yanga ndi kompyuta ndi maikolofoni, n'kumalankhula pamwamba pa mawu awo m'Chichewa, pena m'Chisena. Chingerezi changa mukuchidziwa, n'cha Fomu 2, chotero theka la zimene ndimanena ndimangopeka poyang'ana nkhope. Filimu sindiyamba ndaionera ayi. Ndimamasulira ndikuiona koyamba, chifukwa kudabwa kwangako n'kumene anthu amakonda. Chinanso chimene amafera ndi maina. Mzungu akakhala wamimba ndimamupatsa dzina la wogulitsa nyama pamsika, wadazi ndimamupatsa la kondakitala wa minibasi. Anthu amaseka mpaka kugwa pa benchi. Mwini dzina amatukwana tsiku limodzi, mawa lake abwera ndi anzake kuti nawonso adzamve.

Chaka chatha mnzanga wa ku Limbe anandiikira pa memori kadi mafilimu atatu a nkhondo za kumwamba, za zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Anawalemba 1, 2, 3. Ine ndani kuti nditsutse manambala? M'filimu yoyambayo muli mnyamata wamasiye, wosauka, amene amanyamula anthu m'kachombo kake kakutha kuchoka dziko lina kupita dziko lina. Ndi waliwiro, woseka nthawi zonse, ndipo ana amawakweza osawalipiritsa. Nditangomuona ndinati uyu ndi wakabaza wa kumwamba, uyu ndi Kaitano wathu. Paja mukudziwa mng'ono wangayu, m'mawa akamapita ku siteji amatola ana a sukulu awiri atatu pa keriyala, ulere.

Mukanamuona mmene ananyadira. Anagula penti n'kujambula nyenyezi pa madigadi a njinga, pa khushoni analembapo kuti "Wakumwamba". Anthu otsika basi ankadutsa akabaza asanu kufuna iyeyo. Priska, mkazi wake, ankandiseka kuti alamu mwandiwonongera mwamuna, tsopano akuyenda ngati ali ndi ndege.

Munthu mmodzi yekha sanaseke, a Lucky, atelala achikulire aja a pakhonde la golosale, amene kale ankagwira ntchito ku minda ya nzimbe. Anandiitana tsiku lina ndikudutsa.

"Andrea, mwana ukumusekererayu, ukudziwa chimene adzakhale?"

Ndinati ayi, ndipo sindifuna kudziwa, andiwonongera filimu.

"Azungu anayamba n'kupanga mathero a nkhaniyi, kalekale. Ife tinaonera ku kalabu ya kampani tili anyamata. Izi ukuonetsazi anazipanga pambuyo, kuti afotokoze kumene chilombo cha m'mafilimu akalewo chinachokera. Dziko lonse likudziwa kuti mnyamatayu ndiye chilombocho, kupatula iwe. Chotsa dzina la m'bale wako."

Ndinawayankha mwano, achemwali. Ndinati ndani amafolera denga asanakumbe maziko, asoke mabatani awo, za mafilimu atisiyire eni ake.

Yachiwiri inadutsa bwino, mnyamata uja atakula, waukali pang'ono koma akadali wathu. Yachitatu ndiye inandipeza. Pakati pa filimu, munthu uja anaimika chombo chake m'mudzi wa kwawo, nakweza ana odzaza, n'kukawapereka kwa anthu achitsulo amene amadula ana mitu kuti aziyendetsera makina awo. Ndinaimitsa kompyuta. Mawu a a Lucky anayamba kundizungulira m'mutu. Ndikanatha kumusintha dzina pomwepo, ndikanatha kuisiya filimuyo. Koma anthu anali atadikira miyezi iwiri, ndipo ine ndimakonda kumva anthu akukuwa dzina langa pa benchi, ndisakubisireni. Ndinayatsanso, ndipo mawu anabwera okha pakamwa: "Kwerani ana, lero n'zaulere." Ndinawanena ndi mawu a Kaitano enieni, mmene amakokera "uleeere", pakuti kumutsanzira ndinayamba tili ana.

Filimu imeneyo inayenda kuposa zonse zimene ndinamasulirapo. Anthu ankabwera ndi makadi awo kudzaikitsa, ena anadula kachigawo kaja n'kumatumizirana pa foni. Inafika ku Bangula, ku Nsanje, mpaka kutsidya kwa malire. Ana ankasewera za Kaitano, mmodzi n'kukwera pa chitsa, anzake n'kumathawa. Pakhoma la sukulu wina analemba ndi makala kuti "Kwerani ana". Amayi anayamba kuopsezera ana kuti ukapanda kusamba akutenga Kaitano. Ambiri mwa iwo filimuyo sanaionepo n'komwe, ankangodziwa dzina ndi mawuwo.

Mu Ogasiti Kaitano anabwera ku vidiyo masana, njinga anaisiya panja. Nyenyezi zija anali atazipala ndi mpeni.

"Achimwene, chotsani dzina langa."

"Ndichotse pati? Lili m'mafoni chikwi."

"Ndiye nenani pa sipika yanuyi kuti munangopeka."

"Aliyense akudziwa kuti ndi filimu, iwe. Usakhale ngati mwana."

"Dzulo mayi wina walanda mwana wake pa njinga yanga ngati akumulanda kwa ng'ona."

Ndinaseka, achemwali. Ndinamuuza kuti kutchuka n'komweko, apirire. Anangotenga njinga yake n'kumapita akuikankha.

Tsopano za tsikulo. Linali Lachinayi, masabata awiri apitawo. Mwezi umenewo kunali kale mphekesera zoti kukuyenda anthu oba ana. Golden, uja amawotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa thonje, ali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, Monalisa. M'mawa umenewo azakhali ake a mwanayo, a Molly, anatuma Kaitano kuti akamutenge kunyumba n'kuwapititsira ku siteji, apite naye ku Bangula. Mayi ake a mwana anali ku dimba, ndipo uthenga anausiya kwa neba amene anaiwala n'kupita ku chigayo. Mayi pobwera masana, mwana kulibe. Wina anangoti, ndamuona pa njinga ya Kaitano.

Phokoso ndinalimva ndili m'kachipinda kanga. Nditatuluka ndinapeza Kaitano atamugwetsa kale pa njinga pafupi ndi siteji, anthu osachepera makumi asanu. Wina anali atagwira tcheni cha njinga, ankamukwapula nacho pamsana, malaya n'kung'ambika, khungu n'kutseguka. Ena anali ndi njerwa, ena nsungwi zimene anazula pa mabenchi a tomato. Iye ankakuwa kuti mwana ali ndi a Molly, imbani foni, imbani foni. Wina anaimbadi koma foni sinapezeke, ndiye anati wanama. Anamuponda pachifuwa ndi nsapato, nthiti ndinazimva ndi makutu anga zikuthyoka. Ndipo aliyense akamatsitsa ndodo ankaimba kuti "Kwerani ana, kwerani ana." Mawu anga, achemwali, m'kamwa mwa anyamata amene amakhala pa mabenchi anga tsiku lililonse. Ndinaona wina akugubuduza tayala, wina atanyamula petulo m'botolo la madzi.

Ndinkafuna kulowa pakati, Mulungu ndi mboni, koma sindinalowe. Ndili chiimire choncho Golden anandiona. Anabwera n'kundigwira pakhosi pa malaya, dzanja lina lili ndi chibenthu cha njerwa, maso ali psuu, akulira.

"Iwe ndi amene umamudziwa. Si iwe unatiuza? Wa m'filimu uja ndi uyu kapena ayi?"

Anthu anasiya kumenya, onse anatembenukira kwa ine. Kumbuyo wina anati, akakana ndiye kuti ndi amodzi, tayala likwana awiri. Fungo la petulo linali litandifika kale m'mphuno. Kaitano anali pansi, atadzutsa mutu, akundiyang'ana ndi maso ake onse awiri, pakuti nthawi imeneyo anali akadali nawo onse.

Ndinati, "Ndi yemweyo."

Golden anandisiya, natembenuka, n'kutsitsa njerwa ija pankhope pa Kaitano kawiri. Magazi anandithira pa buluku. Ine ndinabwerera chafutambuyo mpaka ndinakapezeka kuseri kwa golosale.

Amene anamupulumutsa si ine. Priska anafika akuthamanga, ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi iwiri, n'kudziponya pamwamba pa mwamuna wake, akuti muyambe kuwotcha ine. Ndodo ziwiri zinamupeza pamsana anthu asanazindikire kuti ndi woyembekezera. A Lucky, nkhalamba ija ndinainyoza, analanda botolo la petulo n'kulikhuthulira mu ngalande. Anawamenya chibakera pakamwa, mano awiri anatuluka, koma botolo silinabwerere. Apolisi anafika anthu akusakasaka petulo wina. Cha m'ma 4 koloko Monalisa anatsika minibasi ndi azakhali ake, atavala nsapato zatsopano, akudya chimanga chowotcha. Pasiteji panali patatsala njinga yopindika ndi tayala lija, ndipo aliyense anali atakumbuka kuti ali ndi ntchito kwawo.

Vidiyo ndinatseka tsiku lomwelo. Sabata yatha abale ake a Golden anabwera atatu kunyumba. Sanakhale pansi. Anati ukatsegula pakamwa ku polisi, tayala lija likadalipo, ndiponso usaiwale kuti amene ananena kuti ndi yemweyo ndiwe. Pamenepo sananame. N'chifukwa chake ndakhala chete masabata awiri, ndikudziuza kuti ndikuopa moto, pamene chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti inu ndi Priska mudziwe. Priska anafika mawuwo nditanena kale. Mpaka lero amandithokoza ndikabweretsa sopo ndi shuga kuchipatala, amati m'Chisena takhuta alamu, ndipo ine ndimangofuna nthaka itang'ambika.

Kaitano ndiye akudziwa. Ndikalowa m'wodi amatembenukira kukhoma, ngakhale kutembenukako kumamupweteka mpaka kubuula. Dzana anakodola namwino kuti amupatse pepala. Ndinasendera msanga, ndimayesa akulembera ine, kaya kunditukwana, ndikanalandira. Analemba liwu limodzi, "Achemwali", n'kupereka pepalalo kwa Priska.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani mudzamutenge, iye ndi Priska, mwana akabadwire kumeneko. Kuno sangakhalenso. Ngakhale Monalisa anapezeka, dzulo ndamva ana akuimba nyimbo ija kuseri kwa tchalitchi, ndipo mwana wina akadzasowa adzayambira pakhomo pake. Kumeneko mukamufunire ntchito ina, ya njinga ndi diso limodzi sangaithe. Kompyuta ndi masipika ndawauza a Chance agulitse, zimene zipezeke zikhale za ulendo wawo.

Lachiwiri ndipita ku polisi. Ndakhala pansi ndi kope n'kulemba onse amene ndinawaona ndi maso anga, wa tcheni, wa tayala, wa petulo, amene anamenya Priska. Akwana khumi ndi anayi. Ena ndinasewera nawo mpira, mmodzi ndi mwana wa akatekisiti. Dzina loyamba pa ndandandawo ndi langa, ndipo pambali pake ndalemba mawu awiri amene ndinanena. Ndikuopa, achemwali, ndikuopa kwambiri.

Priska akupereka moni, akuti mwana akusewera bwino m'mimba, musade nkhawa. A Lucky akupereka moni, akuti akukumbukirani muli kamtsikana kobwera ndi yunifolomu yong'ambika. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, Mariya mumuuze kuti amalume sanaiwale nsapato zija. Moni wa Kaitano ndilibe, sindingakunamizeninso kachiwiri. Mudzaulandira nokha kwa mwini wake.

Mukatsika basi pa Ngabu musataye nthawi kundifunafuna, sindikudziwa kumene ndidzakhale likadutsa Lachiwiri. Pitirirani ku boma, wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. Mukaime mbali ya kumanja kwake kuti akuoneni.

Ndine mlongo wanu, amene munamusiyira Kaitano kuti amuyang'anire,

Andrea