Bokosi Lofika Mwini Ali Moyo

Lolemba, 1 Sepitembala

Masiku khumi ndi asanu kuti tivote. Mutu ukuwawa chiyambire m'mawa.

Dzulo maliro a mayi wina wa kumpingo kwathu. Bizwick, amene akuimira chipani, wandipambananso. Bokosi lake logula ku Limbe linafika ine ndikukhomabe chivundikiro cha langa. Ine kalipentala wa pa Chonde, zaka makumi awiri ndikupala matabwa, kupambanidwa pa bokosi ndi munthu wosadziwa kugwira hamala.

Lamulo lake silinalembedwe koma aliyense akulidziwa: wabweretsa bokosi ndiye amapatsidwa mpata woyankhula pamaliro. Iye anayankhula, nsalu ya chipani paphewa. Ine woima pandekha ndinakhala pa njerwa ngati mlendo. Za mlatho wathu umene unapita ndi namondwe sanatchuleko n'komwe, chonsecho ndi umene wandichititsa kupikisana nawo pa ukhansala.

Ndauza akabaza atatu kuti akangomva kulira paliponse m'wodi muno andiimbire. Mkazi wanga Estele akuti, "Muzidikira uthenga wa eni maliro, bambo a Madalo." Wodikira uthenga sakhala khansala.

Lachitatu, 3 Sepitembala

Ndalakwa. Ndalakwa kwambiri.

Foni ya wakabaza cha m'ma 9: amayi akulira kwa a Makwinja, kapitawo wakale wa ku esiteti ya tiyi. Banja lalikulu, theka la mudzi ndi adzukulu awo. Sindinafunse kalikonse. Bokosi la paini lopaka vanishi linali kale m'shedi. Kulikweza papikapu yanga yonyamulira matabwa, ulendo, mtima uli pa Bizwick kuti asanditsogolere.

Kufika, kulitsitsa pabwalo, kuvula chipewa. Zii. A Makwinja ali pakhonde, bulangete m'miyendo, mwana wawo Sabina akuwamwetsa phala. Anangokomoka, amayi n'kuyamba kulira, kenako anatsitsimuka.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Hopeson, unandiyeza liti?"

Palibe anaseka. Anthu amene anandithandiza kutsitsa anasowa osadziwika kolowera. Ndinalikoka ndekha mpaka pagalimoto, palibe anafuna kulikhudza.

Lachisanu, 5 Sepitembala

Nkhani yafika ku Thuchila, mwina mpaka pa Muloza. Otsatira Bizwick apeka kale nyimbo, akuti Hopeson amayeza anthu ali mtulo. Zithunzi zanga pamsika azijambula mtanda pamphumi.

Nandolo wa Estele wabwerako momwe anapitira. Mayi wina wamuuza kuti sadya za kunyumba ya munthu wokhwimira ukhansala. Mawu amenewo ndi amene akundiopsa. Kusekedwa ndingapirire, ndinasekedwapo kale. Koma kuno akakunena kuti wakhwima, chotsatira ndi miyala padenga.

Estele sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena.

Lamulungu, 7 Sepitembala

Ndinatuma mkulu wa mpingo ndi nkhuku ndi shuga kukapepesa. Zonse zabwezedwa. Sabina akuti bambo ake sakudya chilichonse chochokera kunja kwa nyumba. Ndikumumvetsa, komabe zandiwawa. Sabina tinakhala naye benchi limodzi sitandade 5, ankandikopera masamu.

Mkulu wa mpingo sanabise. "A Makwinja akapuma mpaka pa 16, nkhani izizira, mwina mudutsa. Akatisiya tisanavote, samukani."

M'tchalitchi ndapempherera nkhalamba ija kuposa momwe ndinapempherera bambo anga ondibala ali chigonere. Manyazi kulemba, koma si iwo amene ndikuwapempherera. Ndikudzipempherera ndekha.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Msonkhano pabwalo la mpira. Anthu ochepa, ambiri ataima patali ngati akuonera ngozi. Ndayankhula za mlatho, za amayi owoloka madzi a m'chiuno nthawi ya mvula popita kothyola tiyi. Wina kumbuyo: "Nanga bokosi lotsatira ndi la ndani?" Ndapitiriza ngati sindinamve.

Bokosi lija palibe woligula. Ndaliphimba ndi lona kuseri kwa shedi. Oda ya mipando ya sukulu ya mkaka aibweza, akuti adikira kaye.

Uthenga wa lero kuchokera kwa a Makwinja: adya nthochi ziwiri, atsokomola pang'ono, aothera dzuwa. Tsopano ndimadziwa zomwe adya iwo kuposa zomwe ndadya ine.

Bizwick akuti wapitako kukawazonda, wajambulitsa nawo chithunzi. Munthu amene chaka chatha samadziwa kuti nyumba yawo yayang'ana kuti. Ndapsa mtima, kenako ndakumbukira chomwe ndinapititsako ine.

Lolemba, 15 Sepitembala

Kampeni yatsekedwa dzulo. Mamonita anga akuti kumtunda kwa wodi anthu ayamba kuiwala, akuti mlatho ndi mlatho. Ine ndi Bizwick tayandikana pa mavoti. Estele wasita jekete.

A Makwinja sanatuluke pakhonde lero.

Tsiku limodzi lokha, Ambuye.

Lachiwiri, 16 Sepitembala, pachipatala cha paboma, masana

Ndikulemba nditatsamira chiwongolero.

M'mawa ndikuvala kuti ndikavote, Sabina pakhomo, wopanda nsapato. Bambo ake akubanika, sangakhale panjinga. Galimoto yapafupi ndi yanga yokha. "Achimwene, sindinabwere kwa ofuna ukhansala. Ndabwera kwa mwini galimoto."

Estele anandikokera kuchipinda. "Akakafera m'galimoto mwanu, tatha tonse, ndi Madalo yemwe." Ankanena zoona. Ndinaima ndi makiyi m'manja ndikuganiza za mavoti, munthu akubanika. Mwina mphindi zisanu. Mphindi zimenezo sindidzadzikhululukira.

Tinawagoneka pamatiresi kumbuyo, Sabina atawanyamula mutu. Anthu a pamzere wovotera pasukulu anationa tikudutsa. Ena anagwira pakamwa. Poti mlatho kulibe, tinazungulira, ola lathunthu m'malo mwa theka.

Pachipata cha chipatala, tikuwatsitsa, a Makwinja anatsegula maso, n'kundigwira dzanja. Mawu otsika kwambiri: "Lero ndakuitana ndine."

Amwalira cha m'ma 12. Ndalira, ndipo ulendo uno ndimalira iwo.

Sabina akufuna kuti tiwatengere kumudzi lero lomwe. Wapemphanso bokosi lija, akuti bambo ake ankati linali lopala bwino.

Estele waimba kawiri. Uthenga wafika kale pa Chonde. Anthu ena achoka pamzere, aima pamsewu. Estele akuti ndisabwerere, ndigone kuno kuboma, galimoto ndiisiye. Ndamuuza atenge Madalo apite kwa mayi ake.

Ndamufotokozera Sabina zonse. Wangopukuta maso ndi chitenje. "Ndikhala kutsogolo, galasi lotsitsa, aliyense andione. Amene ali ndi mawu ayambe ndi ine."

Njira ndi imodzi, yodutsa pasukulu pomwepo, ndipo mzere ukhalapo mpaka 4 koloko. Ine sindinavote, chala chilibe inki. Ukhansala wapita, ndikudziwa. Ndikuopa kwambiri.

Sabina wamanga kale masamba a maliro kutsogolo kwa galimoto, pamwamba pa chithunzi changa. Wakhala pampando, watsitsa galasi, akundiyang'ana. Ndiyenera kuliza galimoto.