Chipsera cha Pabondo Panu

Amayi, kaya muli bwanji kumene mwagonako? Ife kuno tilipo, kupatula msana wangawu umene wayamba kutengera wanu. Papita mvula ziwiri chikuikireni m'manda, koma mpaka lero kukachitika kanthu ndimayamba ndatembenukira kukhomo kwanu kuti ndikuuzeni, kenako n'kukumbukira. Ndiye lero ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa nkhani imene ndili nayoyi singakhalenso m'mimba mwanga sabata ina.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Alamu anga, akazi a achimwene a Josefe, anachira mwezi wa Meyi, mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, ndipo watengera ndi pakamwa pomwe: akayamba kulira, mudzi wonse umadziwa kuti wakwiya. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, koma nandolo wachita bwino, ndipo chinangwa chatipulumutsa monga mwa masiku onse. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo. Bambo a Tiyamike akuti akonza mawa, ndipo mawa lawolo mukulidziwa. Mtengo wanu wa mapeyala ndiye wabereka mpaka nthambi tachita kuzichirikiza ndi mphanda. Mtengo umenewu muusunge m'mutu, ndibwererako.

Tsopano nkhani ya mdzukulu wanu Tiyamike. Atalemba mayeso a Folomu 4 anakhala pakhomo chaka chathunthu. Kenaka ku esiteti ina kumtunda kuja, m'nkhalango ya mibawa imene anaisiya osadula pakati pa minda ya tiyi, anthu anamangako masewera a alendo. Anakunga zingwe ndi mawaya kuchoka pamtengo wina kufika pa unzake, m'mwamba mwenimweni modutsa apusi, ndipo anthu amachoka ku Blantyre ndi kutali kudzayenda pamenepo mwa kufuna kwawo. Musaseke, Amayi, n'zoona. Tiyamike anakalembetsa osatiuza, anamuphunzitsa miyezi itatu, n'kumulemba ntchito yoperekeza alendowo m'mwambamo.

Nditamva, mawu anu ndi amene anayamba kundilira m'khutu: "Mwana wamkazi sakwera mumtengo. Mtengo umachita manyazi n'kusiya kubereka." Mukukumbukira tsiku lija munandipeza panthambi yoyamba ya mango, ndili mu Sitandade 2? Munandikwapula m'miyendo ndi kanthambi ka tiyi mpaka ndinalumbira, ndipo chilumbirire sindinapondenso nthambi. Choncho ndinamuuza Tiyamike kuti ntchitoyo aisiye, n'kutumiza uthenga ku Thekerani kwa mlongo wanu, amalume a Dayisoni, kuti monga mwini mbumba abwere adzatseke nkhani. Mwanayo sanalire ndipo sanakangane nane. Anangoti, "Amama, ndisiya. Koma mubwere kaye mudzaone, nonse, ndi agogo a ku Thekerani omwe. Loweruka lomaliza la mwezi antchito timaloledwa kubwera ndi abale." Mtima unandipweteka, chifukwa chiyambire ntchitoyo mwana uja amayenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Koma ndinkaona ngati kumulola n'kupondereza mawu anu poti inu mwagona simungayankhe.

Lowerukalo tinanyamuka chifunga chisanachoke m'minda. Tinali ine, bambo a Tiyamike, achimwene a Josefe ndi akazi awo khanda kumsana, ndi amalume atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi chipewa, ndodo m'manja. Tinatenga chinangwa chophika, kalongonda, thobwa m'chigubu ndi mapeyala a mumtengo mwanu. Njira yonse bambo a Tiyamike ankadzitama kuti iwo anakulira m'mitengo ya bulugama, tizingweto n'ta ana. Titafika n'kuweramuka kuona kutalika kwake, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi BP, n'kudzipereka kulondera zakudya.

Ine ndinkadziwa kuti ndabwera kudzaona ndili pansi, ndiye ndinavala diresi ndi chitenje changa chatsopano ngati wopita kuchinkhoswe. Tiyamike anatulukira atavala ovololo ndi chisoti cholimba, malamba atakoleka paphewa, n'kunena kuti, "Kuona kwake n'kumwamba, amama. Pansi pano mungoona mapazi anga." Ndinayang'ana amalume kuti andipulumutse. Iwo anangokhala pachitsa n'kunena kuti, "Kwerani, amake Tiyamike. Mlandu mwabweretsa ndinu, mukauone ndi maso anu."

Apa ndiye panabuka vuto limene omanga masewerawo sanaliganizire. Malamba aja amadutsa pakati pa miyendo, ndipo ndi chitenje sizitheka. Ine, mayi wa Mvano, kuvala buluku pamaso pa amalume! Anandibwereka ovololo ya wantchito wina, ndinakavalira kuseri kwa ofesi, n'kufunda chitenje pamwamba pake mpaka m'mapazi. Tiyamike anati chikola pawaya. Tinakambirana ngati pamsika, mpaka tinagwirizana kuti ndichipinde n'kuchimanga m'chiuno, monga munkamangira pulasitiki pokathyola tiyi wa mame. Nthawi yonseyi amalume anali atatembenukira kumunda, akuyang'anitsitsa tiyi ngati sanamuonepo chibadwire.

Tisanakwere, mwana uja anatiimika pamzere ngati kapitawo. Aliyense anali ndi ngowe ziwiri zachitsulo zolumikiza malamba ake kuwaya. "Lamulo ndi limodzi," anatero. "Ngowe ina ikamasuka, inzake ikhale itagwira. Osamasula zonse ziwiri, ngakhale mutaona njoka." Achimwene a Josefe anayesa kuchita nthabwala, iye anangowayang'ana mpaka anakhala chete. Anakoka lamba wanga kawiri, n'kundimanga chisoti pansi pa chibwano monga ndinkamumangira mpango ali wamng'ono.

Makwerero ndinakwera bwinobwino, ndikupemphera. Mlatho woyamba ndinawoloka. Wachiwiri unali wa matabwa olendewera pazingwe, lililonse kugwedezeka palokha, ndipo nditafika pakati ndinalakwitsa n'kuyang'ana pansi. Chipewa cha amalume chinkaoneka ngati kachitsekero ka botolo. Miyendo inakana, Amayi. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, thukuta kamukamu. Ndinati lero ndafa, ndipo ndafera m'buluku la eni ake.

Tiyamike anabwera pang'onopang'ono, osathamanga, ngati akuyenda pakhonde. Anayamba waona ngowe zanga, kenako anaima pafupi mpaka ndinamva mpweya wake. "Amama," anatero motsitsa mawu, "anganga ankati chiyani mukamadandaula kuti munda wa tiyi ndi waukulu?" Ndinayankha: "Usayang'ane munda, yang'ana tsamba lili m'dzanja." Iye anati, "Eya. Thabwa limodzi basi. Linalo si lanu mpaka mutafikapo." Ndinaponda limodzi, kenako lina. Mawu anu amene anandiletsa kukwera ndi mawu anu amene ananditsitsa bwino anachokera pakamwa pamodzi, ndipo mwana amene ndinabwera kudzamuchotsa ntchito ndi amene anandiwolotsa.

Titafika pathandala la mtengo wautali kuposa yonse, anandiuza kuti tsopano ndiyang'ane. Ndinaona minda yonse mpaka kuchumuni cha fakitale, mizere yobiriwira kukwera ndi kutsika zitunda, othyola tiyi ali timadontho ndi madengu awo kumsana. Ndinapazindikira pamunda paja pafupi ndi damu pamene munathera zaka zanu. Moyo wanu wonse tiyi ameneyu munamuona chowerama, masamba awiri ndi kamphukira, kuyambira m'mawa mpaka kusikelo. Simunamuonepo kuchokera pamwamba. Ndi wokongola, Amayi. Ndinalira, ndipo sanali mantha.

Potsika amakukoleka pawaya wautali n'kukusiya utsetsereke wekha. Za zimenezo sindinena zambiri. Alamu anga akuti ndinakuwa dzina lanu mpaka agalu a kufakitale anayankha, ndipo chitenje chija chinamasuka n'kutsalira panthambi ya mbawa. Chidakali pompo, akuti alendo akumachijambula.

Tinayala mphasa pamthunzi n'kuyamba kudya. Onse ankaseka, koma Tiyamike sankadya, ankangoyang'ana amalume, poti mawu omaliza anali awo. Iwo anatenga mpeni, anasenda peyala mosafulumira, n'kundifunsa kuti, "Amake Tiyamike, chipsera chija chinali pabondo pa mayi anu, anakuuzani kuti chinabwera bwanji?" Ndinati munadzitema ndi chikwanje chodulira tiyi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chikwanje chake chiti? Anagwa mumkuyu kwathu ku Thekerani. Panalibe mnyamata womuposa kukwera, ife alongo ake tinkangodikira pansi kutola. Tsiku lina nthambi inathyoka, anamunyamula pamachira, anagona miyezi itatu. Kuchokera pamenepo akaona mwana m'mwamba ankanjenjemera. Zoti mtengo umachita manyazi akuluakulu ankanenadi, koma iye sankaopera mtengo ayi. Ankaopera inu." Kenaka analoza Tiyamike ndi mpeni uja n'kunena kuti, "Uyu ali ndi ngowe ziwiri. Anganga ake akanakhala nazo, bwenzi tikuchita kuwanyengerera kuti atsike. Ntchito asasiye."

Tiyamike anaseka misozi ili m'maso, ndipo poti zinsinsi zinali zitayamba kutuluka, naye anatulutsa chake. Akuti mtengo wanu wa mapeyala uja wakhala akuukwera kuyambira ali Sitandade 5, ine ndikapita kumsika. Akuti inu munkakhala pakhonde mutaufulatira, osatembenuka mpaka mutamva kuti waponda pansi, kenako n'kulandira mapeyala a kunsonga aja osafunsa kuti athyoledwa bwanji. Ndi mtengo womwe uja tauchirikiza ndi mphanda chaka chino.

Amayi inu, zaka zonsezi! Chipsera chimenechi ndinachipaka mafuta ndi manja angawa pamene munkadwala, inu n'kumangondiyang'ana. Sindinakwiye ayi. Ndangomva chisoni kuti mtsikana wa mumkuyu uja sindinamudziwe, ndipo ndikanakonda kumufunsa kuti kumwamba kuja ankaonako chiyani. Ndamvetsanso kanthambi ka tiyi kaja, chifukwa Lolemba m'mawa, Tiyamike akunyamuka ndi chisoti chake, mtima wanga unagunda momwe wanu uyenera kuti unkagundira. Ndinafuna kumuitana kuti abwerere. M'malo mwake ndinamupatsira mapeyala awiri n'kumuuza kuti ngowe zonse ziwiri aziziona.

Mvula isanagwe tibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzakufotokozerani za chitenje chija bwinobwino. Ndikukulonjezaninso ichi: kamtsikana kotenga dzina lanu kaja kakadzakula n'kuyamba kuyang'ana nthambi, poti magazi sanama, sindidzathyola kamtengo kokakwapulira. Ndidzaima pansi pake, manja ali m'mwamba.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Felesiya