Mbale ya agogo a Goliati

Achemwali a Belita,

Ndiye mwati ine ndimangosesa m'shopu ya a Kaliati? Amene anakuuzani bodzalo abwere afunse Limbe yense kuti katswiri wa magalamafoni ndani. Koma poyamba, muli bwanji ku Nkhulambeko? Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine ndili bwino, thupi lokha.

Ntchito ikuyenda. Anthu ayambiranso kukonda mbale zakale za nyimbo zija, ndiye timakhalira kumanga masingano. A Kaliati akamaika singano amatulutsa kapepala ka mizere, kagalasi ndi kasikelo kochepa ngati bisiketi, mpaka tiyi kuzizira. Ine ndimangopotokola, kumvetsera, basi. Ndinkawaseka kuti akuyeza ngati venda wogula nandolo. Iwo ankangoti khutu limamva nyimbo, silimva kulemera.

Tsono nkhani ndi mbale ya agogo a Goliati, ija anajambulitsa ku Joni akuimba Chilomwe ndi anzawo a kumgodi. Mukudziwa amayi anandipatsa ataikulunga m'chitenje kuti ndiisamutsire pa foni, mawu a bambo awo adzamveke tsiku la chiliza. A Kaliati ataiona anati ndi yofewa, si ngati zinazi, ndidikire abwereko ku Zomba adzayeze okha. Ine ndinaona ngati akundiderera.

Loweruka ndinamanga singano ndekha. Inalira bwino, achemwali, ngati agogo akhala pampando pomwepo. Ndinaitana anyamata a mashopu oyandikana, kubwereza ndime yoyamba kasanu. Kenako ndinaona tiufa takuda pa singano.

A Kaliati atayeza Lolemba anapeza kuti singano inali yopendama, yolemera katatu kuposa muyezo. Inkapala mbale ngati khasu. Ndime yoyamba pano ikungomveka ngati mvula pa malata. Yachiwiri yokha ndiyo aipulumutsa. Sanandikalipire n'komwe. Bola akanandimenya.

Pempho langa ndi limodzi: musawauze amayi. Ndikubwera Lachisanu, ndidzawauza ndi pakamwa panga. Inu mudzangokhala pafupi.

Mundiperekere moni kwa amalume, alamu anga a Goodman, ndi Atikonda, mumuuze asatengere amalume ake.

Khutu langa silinaname, mbale inkamvekadi bwino. Koma kasanu konse kaja foni inali m'thumba. Ndinatanganidwa n'kuyang'ana nkhope za anyamata aja, osajambula ngakhale kamodzi.

Ndine mlongo wanu wopusa,
Dave