Chotsani Nsalu pa Sola ya Amayi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga miyendo ya amayi ija ikutupabe? Ine kuno ndilipo, koma pang'ono chabe.

Ntchito ndi yomwe ija ya majenereta. Abwana akuti makasitomala akudandaula kuti injini zikumwa mafuta ngati ng'ombe m'chilimwe, magetsi n'kutuluka ochepa, mphamvu yambiri n'kumangothera utsi ndi kutentha. Ndiye tsiku lonse ndimakhala chowerama m'shedi ya malata, kutsuka mafyuluta ndi kuchuna injini mpaka ilire mofewa. Zotsekera m'makutu anatipatsa, koma injini timachuna ndi khutu. Ukatseka, sungaimve pamene ikutsamwa. Zanga zimangolendewera pamsomali.

Khutu lakumanzere lagontha, achemwali. Lakumanja limalira ngati mwalowa udzudzu, ndipo adokotala akuti nalonso likutsatira linzake, silidzabwerera. Anzanga amandinena kuti ndayamba matama poti akandiitana sindicheuka. Ndimaseka nawo, koma ndili ndi mantha. Paja walira mvula walira matope, ntchitoyi ndinaifuna ndekha.

Tsono za sola ndinatumiza ija. Alamu anandiuza kuti atadutsa kwa amayi anaipeza pakhonde pamthunzi, itafunditsidwa nsalu yopeta ija ankaphimbira wailesi ya malemu bambo. Amayi ati chinthu chimene watumiza mwana wawo sichingamapse ndi dzuwa ngati njerwa. Ndinaseka, kenako misozi inalengeza. N'chifukwa chake foni yawo imakhala yozima nthawi zonse.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti kwa amayi n'kutali ndi kwanu, komabe pitani mukaivundukule. Alamu akaikweze padenga mopendekeka, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, kutali ndi nthambi, poti mthunzi wa masamba owerengeka umaifooketsa. Fumbi lizipukutidwa ndi kansalu konyowa. Amayi akakana, muwauze kuti dzuwalo ndiye chakudya chake. Za khutuzi musawauze, angadwale nazo.

Foniyo ikayamba kudzaza azindiimbira tsiku lililonse. Alankhule zilizonse, ngakhale kundikalipira kuti ndikwatira liti. Ndikufuna ndiwamve mawu awo mpaka ndikhute, khutu latsalali lisanatseke.

Moni kwa alamu, azakhali, amalume ndi ana onse.

Ine mlongo wanu,
Mzime wa amayi