Masamba a Tulusi Andiika pa Mlandu

Chinyunyu, Rufunsa

Ba sisi Magdalena,

Muli bwanji ku Lusaka, inu, alamu ndi ana? Mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga uli m'mwamba.

Mukukumbukira njere za tulusi zija munanditengera kwa amwenye amene mumawaphikira? Ndinafesa m'chidebe chobooka, kenako ndinaokera kuseri kwa khitchini. Zakula zedi! Ndimatsina nsonga monga munandiuzira kuti zisafulumire maluwa, masamba ndimaika mu nkhuku ndi mu tiyi. Amuna anga ba Titus anazikonda, mpaka akaweruka kuntchito analeka kudzera ku bala la kumsewu.

Ndiye apongozi anabwera kuchokera ku Shikabeta. Anandipeza ndikutikita masamba m'manja n'kuponya mumphika. Anafunsa ngati si mpungabwi wothamangitsira udzudzu uja. Ndinati ndi m'bale wake, koma uyu ndi wodya. Anangoti ooh, tsiku limenelo sanadye.

Manje mudzi wonse ukuti ndikudyetsa mwana wawo kondaine. Ati n'chifukwa chake mwamuna amathamangira kunyumba ngati nkhuku madzulo. Apongozi aitana ankhoswe Loweruka likubwerali.

Ndipo anthu alibe manyazi, sisi! Ba Juliet aneba, omwe akundinena kuchitsimewo, anabwera kudzapempha mbande monong'ona, ati amuna awo ndi oyendayenda. Ndinawapitikitsa.

Ndikazula, adzati ndikubisa umboni. Ndikasiya, adzati ndine wamwano. Ndimatuluka ndi khasu, ndibwerera, nditulukanso, ntchito siikugwirika.

Zonsezi ndikanapirira. Koma dzulo nditaika chakudya patebulo, ba Titus anayang'ana mbale nthawi yaitali. Kenako anandipempha mwaulemu, osandiyang'ana kumaso, kuti ndiyambe ine kulawa. Ndinalawa, sisi, koma ndinamezera pamodzi ndi misozi. Apongozi anganene chilichonse, koma za amuna angazi zandiwawa.

Chonde kwerani minibasi Lachisanu. Mudzaphike ndi manja anu, mudye pamaso pawo, muwauze kumene mbewuyi inachokera. Inu ndinu akulu, adzakumverani. Ine m'nyumba muno mawu anga sakumvekanso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Sepo, mumuuze alimbikire sukulu. Amayi musawauze kaye, angadwale nazo. Mulungu akusungeni panjira, ndipo mundipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Salome