Madzi Okwera M'tambula ya Dyton

Mchesi, Lilongwe
14 Januwale

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, kungoti pampopi pathu madzi sakutuluka lero ndi tsiku lachitatu, ndipo kusitolo abwana ayamba kutigwiritsa ntchito Loweruka lonse. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni yanu imakhala m'thumba mwa Dyton. Ndapatsira Emma wa amalume, ndipo muwerenge muli nokha.

Emmayo ndiye wandionetsa vidiyo ya zimene zinachitika pakhomo pathu Lamlungu. Ndaona Dyton, mwana wanu woyamba, atavala mkanjo woyera, akuti tsopano ndi mneneri. Anaimika kandulo m'mbale ya madzi, n'kuyatsa, n'kutchula dzina la azakhali a Ida, n'kuvindikira ndi tambula. Kandulo itazima madzi anakwera m'tambulamo, anthu n'kuyamba kukuwa. Iye akuti madzi avomera kuti azakhali ndi amene akudwalitsa mwana wa a Chrispine, a m'mudzi mwathu aja. Ndipo inu, Amayi, munali pamkeka pomwepo mutagwira pakamwa.

Kodi mwaiwala? Zimenezo ndinabwera nazo ndine ndili Fomu 2. Aphunzitsi a sayansi anationetsa m'kalasi, ine n'kudzayeserera pakhonde, mpaka ndinaswa tambula yanu ya alendo, inu n'kundithamangitsa ndi mthiko. Dyton anali pompo akudya mango, akuti sukulu yandipengetsa. Lero zopenga zanga zomwezo ndiye mzimu woyera wake!

Palibe chodabwitsa pamenepo. Moto umatenthetsa mpweya wa m'tambula, mpweya ukatentha umafufuma, wina n'kuthawira pansi. Moto ukazima, wotsalawo umazizira n'kukhwinyata, ndiye mpweya wakunja umakankha madzi a m'mbale kuti alowe m'malo otsalawo. Basi. Madzi alibe makutu. Dzulo masana ndinayesa kuno anzanga akuona. Ndinatchula dzina la abwana, madzi anakwera. Ndinatchula galu wa aneba, anakwera. Ndinatchula kabichi, Amayi, anakweranso. Ndiye tinene kuti kabichi amatamba?

Chimene chandinyansa kwambiri n'chakuti Emma akuti oyandikana nawo munda kusikimu akumatseka ngalande ya azakhali ndi matope ikafika nthawi yawo yothirira. Ndi ng'amba imeneyi, mpunga umene angookera kumene utha masiku angati? Munthu wamasiye, wopanda mwana woti amuyankhulire. Ndi azakhali omwewa amene anagona pansi kuchipatala mwezi wathunthu bambo akudwala, pamene Dyton anali pa Manjawira akusewera bawo. Ndipo mwana wa a Chrispine akuti mpaka pano sanapite naye kukayezetsa malungo, akudikira pemphero la munthu amene anathawa sukulu ali Sitandade 7.

Musandiuze kuti Dyton ndi mlongo wanga. Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuchita manyazi kukwera basi ya ku Bwanje.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamaliza mvano sabata ino, amayi asanabalalike, muchite zimenezi ndi manja anu. Emma ali ndi makandulo awiri ndi machesi. Dulani kandulo ifupike, muimate m'mbale ndi phula lake, madzi akhale ochepa, ongomiza chikhadabo. Muyambe kutchula dzina langa, ine sindiopa. Kenaka lanu. Kenaka mufunse amayiwo ngati alipo wina wofuna kuti lake litchulidwe. Muona mmene aziyang'anira pansi. Akazi a Chrispine akhale patsogolo, ndipo akaona muwauze anyamule mwanayo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa kuti muzinena kuti simungachititse manyazi mwana wobereka nokha. Manyazi amapola, Amayi, mpunga ukauma wauma. Mukalephera, ndibwera ndekha Loweruka, ntchito ithe ngati ikutha, ndipo ine sindikachitira kuseri kwa tchalitchi. Ndikachitira pamsika, ndi dzina lake.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa alamu ndi ana awo, ndiponso kwa agogo a ku Nsipe mukawaona. Dyton musamupatse. Wa azakhali musatume mwana. Mupite nokha masana anthu akuona, mulowe m'nyumba mwawo, ndipo akakupatsani madzi, mumwe.

Ndine mwana wanu,
Chikhulupiriro